Mayi Dailes ndi Mawu Oti "Yafika"

Ku Biriwiri anthu amawaitana Mayi Dailes ndi dzina la kumtundu, aNangozo, koma achikulire ena amawatchulabe "amayi a ku positi" ngakhale papita zaka zambiri chisiyireni ntchito imeneyo. Anabadwira momwemo m'mapirimo, mwana wachitatu wa mlimi wa mbatatesi ndi kabichi. Bambo awo sankadziwa kuwerenga, choncho Dailes atangofika Sitandade 4 anakhala wowerenga makalata wa banja lonse, kenako wa mabanja oyandikana nawo. Makalata ankachokera kwa amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale, ndipo amayi ankabwera nawo atawapinda m'kansalu.

Pulayimale anakamalizira ku Nzama, akukhala kwa azakhali awo, ndipo sekondale anaphunzira pa boma. Atamaliza analembedwa ntchito pa positi ofesi ina yaing'ono m'boma lomweli la Ntcheu, ndipo anakhala kuseri kwa kauntala imeneyo zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi. Anakwatiwa ndi a Raphael, munthu wa dimba, wosalankhulalankhula, ndipo anabereka ana anayi. Woyamba ndi Gracious, n'chifukwa chake mpaka lero a Dailes amaitana amuna awo kuti bambo a Gracious.

Pa ntchito sankadziwika ndi changu. Ankadziwika ndi mafunso. Munthu akabwera n'kufunsa kuti, "Mayi, kalata yanga ija inafika?" iwo ankavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Inafika kuti, bambo? Kuno inachoka Lachiwiri, zimenezo ndikudziwa chifukwa thumba ndinamanga ndekha. Ngati inafika pa positi ya uko, mwina. Ngati inalowa m'bokosi, sindikudziwa. Ngati mwini wake anatsegula bokosilo, zimenezo ndi za iye ndi kiyi wake."

Ena ankatuluka akung'ung'udza kuti amayiwa amatalikitsa nkhani yaifupi. Koma kalata ikabwezedwa, iwo sankangodinda chidindo n'kuiponya pa mulu. Ankalemba chifukwa chake pa envelopu ndi cholembera chofiira, mawu onse athunthu: munthuyu anasamuka, bokosi linatsekedwa, dzina ili silikudziwika kumeneko. Ankati munthu amene kalata yake yabwerera ali kale ndi chisoni, ndiye asamavutikenso kulota chimene chachitika.

Makalata atayamba kuchepa chifukwa cha mafoni, iwo anapuma pa ntchito n'kubwerera ku Biriwiri kukathandiza a Raphael ku dimba. Sipanapite chaka, alimi a kalabu ya kabichi ndi mbatatesi ya m'deralo anawasankha kukhala mlembi, poti analibe wina wolemba zooneka bwino ngati iwo. Kalabuyo inakula mpaka inamanga shedi yakeyake pafupi ndi msewu waukulu, ndipo inapeza wogula wa ku Blantyre amene ankaperekera ndiwo ku sukulu zogonera komweko. Pangano lake linali losavuta: kabichi akakhwima, kalabu itumize imelo kutatsala masiku atatu, kunena tsiku ndi kuchuluka kwa katundu, ndipo iye atumiza lole.

Za maimelozo ankayendetsa ndi Thandi, mwana wa mchimwene wa a Dailes. Thandi anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, anagwirako ntchito zaka zingapo, kenako anabwerera kumudzi mayi ake atayamba kudwaladwala, ndipo kalabu inamulemba ntchito. Ndiye anabweretsa pulogalamu ya AI, ija munthu amangoiuza chochita ndi mawu wamba iyo n'kukachita yokha. Inkalemba makalata a kalabu, kuwatumiza, ndi kukumbutsa masiku a misonkhano. Alimi anaitcha dzina loti Mthenga. Kwa miyezi isanu ndi iwiri Mthenga anagwira ntchito popanda dandaulo, moti anthu anasiya chizolowezi choimbira foni wogula uja pambuyo pa imelo iliyonse.

Zinachitika mu Julaye, mphepo ya m'mapiri ili pachimake. Lolemba Thandi anauza Mthenga kuti adziwitse wogula kuti kabichi adzakhala pa msewu Lachinayi m'mawa. Lachiwiri anamufunsa ngati imelo ija yafika, ndipo Mthenga anayankha mawu amodzi: "Yafika." Lachitatu mabanja onse a m'kalabu analowa m'madimba ndi zikwanje, ngolo zinatsika ndi kukwera tsiku lonse, ndipo pofika madzulo mulu wa kabichi pa shedi unali utapitirira mutu wa munthu.

Lachinayi lole sinabwere. Anthu anakhala m'mbali mwa msewu atafunda zitenje, kuyang'ana galimoto iliyonse yochokera ku Ntcheu. Dzuwa litapendeka, Thandi anaimba foni, ndipo wogula uja anadabwa. Iye sanaone imelo iliyonse, ndipo lole yake inali itapita kale kwina. Anayesetsa, koma inafika Loweruka. Masamba a kunja anali atafota, mitu ina itayamba kununkha pansi pa mulu. Wogula anasankha imene akanatha kutenga, ina amayi anakagulitsa pa msewu, yotsalayo inapita ku nkhumba.

Pa msonkhano wa Lolemba lotsatira, a Fanizo, wapampando wa kalabu, sanazungulire.

"Chinthuchi chatinamiza. Tichisiye. Kale tinkaimba foni ndipo kabichi sankawola."

Anthu ambiri anavomereza. Thandi anakhala pa benchi ya kumbuyo atazolika, manja ali pakati pa mawondo. A Dailes analemba zonse m'buku la misonkhano monga mwa nthawi zonse, ndipo atamaliza anakweza dzanja.

"Apampando, ndisanalembe kuti tagwirizana, ndili ndi funso kwa mwana wathuyu. Iwe Thandi, Mthengayu anadziwa bwanji kuti imelo yafika? Anapita ku Blantyre?"

Anthu anaseka pang'ono, ndipo Thandi anadzutsa mutu.

"Ayi, azakhali. Iye payekha sadziwa. Pali kachida kena ka pa intaneti kamene amakafunsa. Ntchito yake ndi yomweyo, kuona pamene imelo yafika."

"Nanga kachidako amadziwa bwanji kagwiritsidwe ntchito kake? Unamuphunzitsa ndiwe?"

"Amawerenga malangizo amene analemba mwini wake wa chidacho. Chida chilichonse chimabwera ndi mawu ofotokoza ntchito yake, ndipo Mthenga amatsata mawu amenewo."

"Ndiye kuti pali pepala," anatero a Dailes. "Apampando, ndipatseni sabata imodzi ndilione pepalalo."

A Fanizo anavomera, makamaka chifukwa chowalemekeza.

Mawa lake m'mawa awiriwo anakhala m'kaofesi ka pa shedi, Thandi n'kutsegula laputopu. A Dailes ankayembekezera chikalata cha masamba ambiri. Anapeza mizere itatu ya Chingerezi, imene tanthauzo lake linali ili: Chida ichi chimaona mmene imelo ilili. Chipatseni nambala. Chimayankha kuti zatheka kapena zalephera.

Anaiwerenga kawiri, n'kupukuta magalasi, n'kuiwerenganso.

"Kwatha?"

"Kwatha, azakhali."

"Nambala yake iti?"

"Imelo iliyonse ikamatumizidwa imapatsidwa nambala yakeyake. Ndi imeneyo."

"Iwe ukudziwa chifukwa unapita kusukulu ya zimenezi. Apa palembedwa? Nanga zatheka, chatheka n'chiyani?"

Thandi anakokera laputopu pafupi. Anayamba kufufuza m'kaundula wa zimene Mthenga anachita Lachiwiri lija, ndipo panapita pafupifupi ola asanalankhule. A Dailes sanamufulumizitse. Anatulutsa nyemba zimene anabwera nazo m'kathumba n'kumasankha pa tebulo.

Zimene Thandi anapeza zinali izi. Mthenga anafunsadi chida chija, ndipo chidacho chinayankha kuti zatheka. Koma mawu amenewo ankangotanthauza kuti funso lamveka ndipo nambala yapezeka. Pansi pake panali kamzere kena kokhala ndi nambala 5 yokha, popanda mawu. Thandi atafufuza kwina anapeza kuti 5 amatanthauza kuti imelo yabwezedwa. Bokosi la imelo la wogula uja linali litadzaza, ndipo kalata ya kalabu inabwerera Lolemba lomwelo madzulo. Chida chinkadziwa zimenezi. Koma m'malangizo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lonena za kamzere kameneko, choncho Mthenga anaona mawu oti zatheka n'kuganiza kuti nkhani yatha.

"Ndiye kuti sananame," anatero a Dailes, akukankhira nyemba zoola pambali. "Anawerenga zimene anapatsidwa. Ngakhale ine akanandipatsa pepala limeneli tsiku langa loyamba pa ntchito, ndikanayankha chimodzimodzi."

"Koma ine ndinayenera kuliona kale pepalali, azakhali. Ndinangolumikiza chidacho osawerenga."

"Unayeneradi. Tsopano waliona. Amene analemba ndani?"

Anali Chrispine, mnyamata wa ku Lilongwe amene anali ndi kakampani ka mapulogalamu pamodzi ndi anzake awiri. Thandi ankafuna kumulembera kalata yaukali nthawi yomweyo, koma azakhali ake anamuletsa. Anati munthu ukamuuza kuti ntchito yake ndi yoipa amangotseka makutu, koma ukamuonetsa malo enieni pamene pavuta amasowa pothawira.

Masiku atatu otsatira, akaweruka ku dimba, a Dailes ankakhala pa khonde ndi kope la ana asukulu. Analemba mafunso asanu ndi limodzi amene ankaona kuti wantchito watsopano aliyense angafunse atapatsidwa chida chimene sanachionepo. Chidachi chimagwira ntchito yanji? Ndichigwiritse ntchito liti, ndipo ndi liti pamene sichingandithandize? Ndichipatse chiyani, ndipo chimenecho ndichitenge kuti? Chikayankha, yankho lililonse likutanthauza chiyani? Zikavuta ndichite chiyani? Pali chitsanzo? Pa funso lililonse anapereka malikisi poona mmene mizere itatu ija ikuliyankhira, asanu akakhala onse, monga amachitira aphunzitsi. Funso loyamba analipatsa atatu, chifukwa mzere woyamba unkanenako zoona ngakhale mosakwanira. Lachitatu analipatsa amodzi. Ena onse anawapatsa ziro, ndipo pansi pa ziro aliyense analemba chifukwa chake ndi cholembera chofiira. Thandi anazitaipa m'Chingerezi n'kutumiza.

Chrispine anaimba foni tsiku lomwelo. Anali waulemu, koma mawu ake ankamveka kuti wapsa mtima.

"Mayi, pepani kwambiri za kabichi. Koma chida chathu chilibe vuto. Ndayang'ana, chinayankha zolondola. Nambala 5 inalipo."

"Chida chanu sindikuchinena, bambo. Ndikukhulupirira kuti ndi chabwino. Ine ndikunena pepala."

"Anthu amene amagwiritsa ntchito zinthu zimenezi amadziwa kale manambalawo."

"Amene anawerenga pepala lanu si munthu. Ndipo sakanatha kukuimbirani foni kuti akufunseni ngati mmene mwandiimbira inemu."

Kenako Chrispine ananena kuti Lachisanu akupita ku Blantyre, ndipo poti msewu ndi womwewo, aima pa Biriwiri.

Anafika cha m'ma teni koloko pa kagalimoto kotuwa ndi fumbi, atavala shati yopyapyala, ndipo atangotsika anayamba kunjenjemera ndi mphepo. A Raphael anamubwereka jekete lawo la ku dimba. A Dailes anali ataitana a Fanizo kuti adzakhalepo, ndipo onse anakhala m'shedi, momwe fungo la kabichi wowola linali lisanatheretu. Atamwa tiyi ndi mbatata, a Dailes anatulutsa pepala limene analembapo mizere itatu ija m'Chichewa.

"Bambo Chrispine, onani kaye ngati ndamasulira bwino, ndisakunamizireni."

Iye anawerenga n'kugwedeza mutu kuvomera.

"Chabwino. Bambo a Gracious, tamverani. Akuti chipatseni nambala. Inu mungachipatse nambala yanji?"

A Raphael anaganiza mofatsa, monga amachitira pa chilichonse.

"Ya foni ya munthu amene tikumulemberayo."

"Nanga inu apampando?"

"Ine ndimayesa nambala ya kalata, ija mumalemba pamwamba m'buku mwanu, kuti kalata yachisanu, yachisanu ndi chimodzi."

"Chabwino. Tsopano chayankha kuti zatheka. Bambo a Gracious, chachitika n'chiyani?"

"Kalata yapita."

"Apampando?"

"Munthuyo waiwerenga. Zikatheka ndiye kuti zatheka basi."

A Dailes anatembenukira kwa mlendo uja.

"Awa ndi anthu awiri anzeru zawo, ndipo ayankha mosiyana kawiri konse. Pa mayankho anayiwa, lolondola ndi liti?"

"Palibe," anatero Chrispine. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali, kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwidwa. "Mizere imeneyi ndinailemba mphindi ziwiri, tsiku lomaliza. Pulogalamu yeniyeniyo inanditengera miyezi itatu."

"Zimaoneka," anatero a Fanizo, ndipo onse anaseka, ngakhale Thandi.

Chrispine anaimbira anthu a ku Blantyre kuti afika mochedwa, n'kutsegula laputopu yake pa tebulo losankhirapo mbatatesi. Analemba kwa ola lathunthu osadzutsa mutu. Atamaliza anatembenuzira laputopuyo kwa a Dailes monyadira. Anali masamba awiri odzaza. Munali mbiri ya chidacho, mitundu ya makompyuta imene chimagwirizana nayo, ndi mayina a njira zonse zimene imelo imadutsamo.

A Dailes anawerenga mpaka pa mapeto, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse.

"Zonse zilimo," anatero. "Koma mawu oti imelo ikhoza kubwezedwa ndawapeza pa tsamba lachiwiri, pansi penipeni. Wofunsayo akufuna kudziwa chinthu chimodzi, ndipo inu mwamuyendetsa mudzi wonse musanamuonetse khomo. Chimene chingawoletse kabichi chikhale pamwamba. Mbiriyi ichotseni, mukaiike kwina kumene anthu okonda mbiri akaipeze."

"Poyamba munati zachepa, mayi. Tsopano mukuti zachuluka."

"Eya. Zonse ziwiri ndi zoona."

Ulendo wachiwiri analemba limodzi. Chrispine ankanena chiganizo, a Dailes n'kufunsa kuti kodi munthu wosadziwa kanthu angachimve molakwika bwanji, Thandi n'kuyesa kuchikonza. Anakangana nthawi yaitali pa liwu loti yafika. Chrispine ankalifuna chifukwa ndi lalifupi ndipo aliyense amalidziwa. A Dailes anakana, nati liwu limenelo ndi limene aliyense amalimva mmene akufunira. Pomaliza analichotseratu. Malangizo atsopano anakwana theka la tsamba, ndipo ankanena kuti chidachi chimauza pamene imelo yotumizidwa kale ili pa ulendo wake, ndipo sichitumiza imelo. Nambala yofunika ndi ija imaperekedwa pa nthawi yotumiza. Mayankho ndi asanu, ndipo lililonse linalembedwa ndi mawu m'malo mwa nambala yokha: ili pa mzere kudikira kutuluka, yatuluka koma mbali inayo sinavomere, kompyuta ya mbali inayo yailandira, yachedwetsedwa ndipo iyesedwanso, yabwezedwa, ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Panalinso chenjezo lakuti mawu oti zatheka amangonena za funso, osati za imelo. Ndipo mzere womaliza, umene a Dailes anaumirira, unkati chidachi sichingadziwe ngati munthu waiwerenga imeloyo, ndipo ngakhale imelo yolandiridwa ikhoza kubwezedwa pambuyo pake, choncho pa nkhani yofunika mufunsenso pakapita maola angapo.

"Tsopano tiyese," anatero Thandi.

Analowetsa malangizo atsopano, n'kuuza Mthenga kuti atumize imelo ku adiresi imene anailakwitsa dala. Anadikira mphindi zingapo, a Fanizo ataimirira kumbuyo kwake manja ali m'thumba. Kenako Thandi anafunsa funso lomwe lija la Lachiwiri, ndi mawu omwewo. Yankho linabwera, ndipo analiwerenga mokweza:

"Imelo imeneyi yabwezedwa. Chifukwa chake ndi chakuti adiresiyi kulibe. Onani ngati yalembedwa bwino, kapena mumudziwitse munthuyo mwa njira ina."

A Raphael anaomba m'manja kamodzi. A Fanizo anati ayesenso, ndipo ulendo uno atumize kwa mwana wawo wa ku Zomba amene ali ndi adiresi yeniyeni. Mthenga anayankha kuti kompyuta ya mbali inayo yailandira, koma iye sangadziwe ngati mwini wake waiwerenga.

"Ameneyo sawerenga n'komwe," anatero a Fanizo. "Apa ndiye chanena zoona."

A Dailes anatsegula kope lawo n'kuyambiranso mafunso asanu ndi limodzi aja, Chrispine akuyang'anira pa phewa ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Mafunso anayi anawapatsa asanu asanu. La zoyenera kuchita zikavuta analipatsa anayi, chifukwa silinanene chochita ngati nambala yasowa. La chitsanzo analipatsa ziro.

"Mayi, ziro ndithu?"

"Chitsanzo chili pati? Ndionetseni ndisinthe."

Panalibe. Chrispine analonjeza kuti akachilemba akafika, ndipo anachitumizadi Lolemba. Ananyamuka dzuwa litapendeka, m'galimoto muli thumba la mbatatesi limene a Raphael anamuikira, ndipo jekete lija anaiwala kubweza mpaka ulendo wake wobwerera.

Pa msonkhano wotsatira kalabu inagwirizana kuti Mthenga apitirize ntchito, koma a Fanizo anaonjezera lamulo lakuti pa nkhani ya lole, imelo ikapita foni iziimbidwanso, zivute zitani. A Dailes sanatsutse. Analemba lamulolo m'buku n'kulidula mzere kunsi. Alimi awiri amene anataya kabichi wambiri sanakhutire, ndipo mmodzi anatuluka m'kalabu n'kuyamba kugulitsa yekha kwa mavenda. A Dailes anapita kukacheza naye kawiri, koma sanabwerere, ndipo nkhani imeneyo imawawawabe mpaka pano.

Mu Seputembala, nthawi ya mbatatesi za m'dimba, bokosi la wogula uja linadzazanso. Ulendo uno Mthenga sanadikire kufunsidwa kawiri. Anayang'ana masana, n'kuyang'ananso madzulo monga malangizo ankanenera, ndipo anadziwitsa Thandi kuti kalata yabwerera. Thandi anaimba foni asanaweruke, wogula anapepesa n'kuchotsa makalata akale m'bokosi mwake, ndipo lole inafika pa tsiku lake. Alimi ambiri sanadziwe n'komwe kuti panali vuto.

Patapita milungu ingapo Chrispine analembanso. Kampani yake inali ndi zida zina zisanu ndi ziwiri zimene mapulogalamu a AI amagwiritsa ntchito, china choona za nyengo, china chotumiza mauthenga a pa foni, ndipo iye atawerenganso malangizo ake ndi maso atsopano anachita manyazi. Anapempha ngati mayi angamawaone chimodzichimodzi, ngati ntchito yeniyeni, osati yongothandiza. A Dailes anayamba akana, nati iwo za makompyuta sadziwa. Thandi ndi amene anawauza kuti n'chifukwa chake akufunidwa: wodziwa amadzaza yekha mipata m'mutu mwake osazindikira, pamene iwo amaima pa mpata uliwonse n'kufunsa.

Anakambirana ndi a Raphael, amene anangofunsa ngati ntchitoyo idzawalanda tsiku la kuthirira. Atamva kuti ayi, anati palibe vuto.

Tsopano Lachitatu lililonse masana a Dailes amatsika ku shedi ndi kope lawo. Maso ayamba kuvuta, choncho Thandi amawakulitsira zilembo pa laputopu mpaka mzere umodzi ukhale ndi mawu asanu okha. Amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Mafunso aja anakhala asanu ndi awiri, chifukwa anaonjezerapo lakuti kodi chidachi chikhoza kuwononga kanthu ngati chagwiritsidwa ntchito molakwika, ataona kuti china chinkatha kufufuta mauthenga koma malangizo ake sankanena. Anzake a Chrispine sanawaonepo maso ndi maso, koma akuti ku ofesi kwawo munthu akalemba chiganizo chosamveka, mnzake amamuuza kuti chimenecho ku Biriwiri sichidutsa.

Malikisi onse sanaperekepo kwa wina aliyense. Malangizo a chida cha nyengo anawabweza katatu, chifukwa ankanena kuti mvula igwa mawa osanena kuti mawalo likuyamba nthawi yanji ndiponso kuti ndi mvula ya dera lalikulu bwanji. Ulendo wachinayi anawavomera, ndipo m'munsi mwake analemba kuti alimi a kuno amafuna kudziwanso za chisanu cha mu Juni chimene chimapsereza masamba a mbatatesi, ngati chidacho chingathe kunena. Chrispine anayankha kuti pakadali pano sichingathe. A Dailes anamuuza kuti alembe zimenezo m'malangizomo, kuti wina asadzachifunse za chisanu n'kukhulupirira yankho lake, ndipo iye analemba.